Mimba ya a Mngelo

M'nyumba mwa a Mngelo tsiku linkayamba ndi nkhondo ya botolo la madzi. Mzime, mwana wawo wamkazi amene anatsala nawo pakhomo, ankalidzaza n'kuliimika pafupi ndi nsapato za bambo ake kuti asaliiwale. Iwo ankavala nsapatozo, n'kulilambalala botolo lija ngati munthu amene sayankhulana naye, ulendo wa kuntchito. Madzulo Mzime ankalipeza pomwepo, n'kukathirira madziwo maluwa. Maluwa a pakhomopo ananenepa. Amene anayamba kuuma ndi a Mngelo.

Dzinali anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, osati chifukwa cha khalidwe ayi, koma chifukwa cha kumene ankakhala. Ankayendetsa kireni, chimakina chachitali chija chonyamula zitsulo ndi simenti pomanga nyumba zosanjikizana. Kachipinda kawo kanali pamwamba penipeni, kwa akhwangwala, kakang'ono ngati khola la nkhunda: mpando umodzi, timikono tiwiri toyendetsera, wailesi ya m'manja, ndi magalasi mbali zonse. Kuti munthu afikeko ankakwera makwerero achitsulo oima njo, mpaka mawondo kuyamba kumutukwana. Chimbudzi chinali pansi, kuseri kwa mulu wa mchenga.

Tsono a Mngelo anaganiza mwanzeru zawo. Cholowa chimafuna kutuluka, ndipo chotuluka chimafuna makwerero. Wofuna kuchepetsa makwerero ayambe watseka pakamwa. Madzi anawaleka. Tiyi wam'mawa ankangonyowetsera milomo. Masana ankatafuna buledi woyera wouma ndi tinyama tokazinga ta m'pepala, akuyang'ana madenga a anthu. Thupi likaitana, iwo ankaliyankha monga kapitawo amayankhira wopempha tchuthi: dikira tiweruke. Pofika nthawi yoweruka thupi linali litanyanyala, osaitananso.

Mkazi wawo ali moyo, zimenezi sizinkafika patali. Malemuwo ankangoyang'ana mmene bamboyo wamangira lamba, basi adziwa. Osafunsa, osanena kanthu. Madzulo patebulo pankangopezeka papaya wosenda, mbale ya masamba yodzaza, ndi kapu ya madzi ofunda, mwini wake ataima pomwepo manja m'chiuno mpaka zonse zitatha. A Mngelo anatha zaka zonse za ukwati osatchulapo mawu oti "m'mimba" ndi pakamwa pawo. Anazolowera kuti ululu wawo umamveka m'thupi mwa munthu wina. Mayiyo atapita, panalibenso woyang'ana lamba.

Kenaka pamalo omangapo panabwera Mayi Tsitsani. Woyendetsa kireni saona zonse zapansi. Amadalira munthu woima pafupi ndi katundu, wailesi ili m'manja, womuuza kuti kwezani, imani, pitani kumanja. Amene ankagwira ntchitoyo kale anali bambo wa mawu ngati wilibala yosowa mafuta. Amene anabwerawa anali mayi wamasiye, wamfupi, chipewa cholimba chikuwagwera m'maso, ndipo katundu ankamutsitsa ngati akuimbira khanda: "Tsitsani, tsitsani, tsitsaninso pang'ono... basi, mwana wagona." Dzina lawo linachokera pomwepo.

"A Mngelo, kumwambako mwadzuka bwanji?" ankatero m'mawa.

"Kuno sitigona, mayi. Timangoyang'anira anthu abwino."

"Ndiye mundiyang'anire zitsulozi zisandigwere. Ine ndili ndi ana."

"Zikugwereni inu? Ndiyambe ndagwa ine."

Apa pankalowa mawu a a Magalasi, wowotcherera zitsulo, amene nawonso anali ndi wailesi yawo: "Abale, wailesiyi ndi ya kampani. Za ukwatizo muzikakambirana pa foni zanu."

Malo onse ankaseka, ndipo a Mngelo kumwamba kuja ankaseka kuposa onse, mapazi akuponda pansi ngati mwana wa sukulu. Munthu wa imvi m'ndevu anayamba kupukuta nsapato zantchito, zimene zinkadetsedwa asanafike pageti. Anayamba kumeta tsiku lililonse, pamene nkhope yawo ankaiona ndi akhwangwala okha. Anagula mafuta onunkhira. Tsiku lina anaiwala kuchotsa chala pa batani la wailesi, ndipo amisiri onse, ndi kapitawo yemwe, anamva a Mngelo akuimba ndi mawu onse nyimbo yopeka okha, yotamanda chipewa cholimba cha munthu wina. A Magalasi anachita kuzimitsa moto wawo kuti aseke bwino asadziotche.

Koma pamene mtima unkavina, mimba pansi pake inakhala duu ngati mlamu wokwiya. Inauma gwa, n'kutupa ngati ng'oma. Lamba anasamukira pa bowo lina, kenaka linanso. Mutu unkawawa dzuwa likangofika paliwombo, chilungulira chinkakwera mpaka kukhosi, ndipo m'kamwa munkatuluka fungo limene eni ake ankalimva likabwerera pagalasi la kachipinda. Tulo tinakhala ta mbalame. Akalowa m'chimbudzi ankakhalamo ngati akudikira basi imene inaleka kudutsa mumsewumo, n'kutuluka ndi thukuta lokhalokha. Munthu amene sankakalipira ngakhale galu anakalipira mphaka wa aneba chifukwa chowayang'ana.

Kunena sananene. Anayamba kudikira kuti wina aone. Madzulo ankakhala moyang'anizana ndi Mzime, amene ankabwera atatopa ndi kuluka tsitsi la anthu, maso ali pa foni. Ankausa moyo mokweza, dzanja likusisita mimba. Akaona kuti sizinamveke, ankausanso, mokwezerapo.

Mzime anadzutsa mutu, n'kuwayang'ana bwinobwino. Mtima wa a Mngelo unati myaa: mwana wa amayi ake uyu.

"Bambo, mwayamba kamimbatu," anatero Mzime. "Chikondi chikukuyanjani."

"Chikondi chanji iwe?"

"Nanga mafuta onunkhira aja mumadzolera akhwangwala?"

Anabwerera pa foni yake akumwetulira. A Mngelo anayang'ana kudenga ngati akukadandaula kwa malemu.

Tsiku lina poweruka analimba mtima n'kulowa m'sitolo ya mankhwala, mawu atawakonza kale: ndi za mnzanga wina, akuvutika pang'ono. Koma mtsikana wogulitsa anali mnzake wa Mzime wa kusukulu.

"Takulandirani, bambo. Mnzanga uja ali bwanji? Tikuthandizeni chiyani?"

Kumbuyo kwawo kunali amayi awiri pamzere, makutu ali tcheru. A Mngelo anayendetsa maso m'mashelefu onse, n'kuloza. Anatuluka m'sitolomo atanyamula chipeso, munthu wadazi lowala ngati mbale.

Choipa kwambiri chinali chakuti pa wailesi anali mkango, koma pamaso anasanduka mbewa. Wailesi sinyamula fungo la m'kamwa, ndipo kulira kwa m'mimba kukayamba umangochotsa chala pa batani. Koma pafupi ndi munthu ubisa bwanji? Mayi Tsitsani ankaitana masana aliwonse: "Tsikani tidye, a Mngelo, angelonso amadya." Iwo ankati ntchito yachuluka. Poweruka ankatsika mochedwa dala, n'kuwapatsa moni ataima patali ngati pakati pawo pali ngalande. Mayiwo anawasiyira malalanje m'jumbo pansi pa makwerero. A Mngelo anaganiza za madzi onse ali m'malalanjemo ndi makwerero amene madziwo adzafune, n'kupatsa mlonda wa pageti jumbo lonse. M'mawa mwake Mayi Tsitsani anapeza mlonda akusenda lalanje lawo, makoko ali mbwee.

Komabe mtima wawo unali usanafooke. "Lamlungu mubwere kwathu masana," anatero pa wailesi, aliyense akumva. "Alongo anga akufuna aone munthu amene amandipachikira zitsulo pamutu."

A Mngelo anavomera asanaganize. Anasangalala mpaka anazunguliza kireni yopanda katundu ngati akuivinitsa, kapitawo n'kuwafunsa ngati kumwambako kwalowa njuchi.

Lamlungu anafika atavala jekete limene mabatani ake anakana kukumana. Pabalaza pa Mayi Tsitsani panali pang'ono, paukhondo, pabata loti ungamve singano ikugwa. Anawakhazika pa sofa yachikopa imene inkalira munthu akangosuntha. Moyang'anizana nawo panakhala alongo a mayiwo, dalaivala wa malole wopuma ntchito, munthu wa maso osaphethira. Patebulo panabwera mpunga, nkhuku, nyemba ndi kabichi, nthunzi ikuti tolo. Mayiwo anali atadzuka m'mamawa kuphika, ndipo chipewa chitachoka, tsitsi lawo linali lolukidwa mwatsopano.

A Mngelo anadya masupuni angapo, mimba n'kuti: apa ndiye mwandiputa. Munayamba kubangula chapansipansi ngati mvula ya kutali. Mpweya unasonkhana n'kuyamba kufuna njira. Iwo anafinya thupi lonse, thukuta likutsika padazi.

"Pepani, foni," anatero, n'kutuluka panja.

Anakaima kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala, n'kupumula monga munthu angapumulire. Anabwerera, anakhala, sofa inalira, alongo aja anafunsa za ntchito. Asanamalize kuyankha, mvula ija inayambanso.

"Pepani, foni."

Ulendo wachitatu ananyamuka mwaliwiro kwambiri moti foniyo anaisiya patebulo, pafupi ndi mbale yawo, ili chete ngati mwala. Alongo aja anaiyang'ana, n'kuyang'ana mlongo wawo.

"Ali ndi foni ziwiri bamboyu," anatero mosakweza mawu. "Ine ndayenda m'misewu, ndikuzidziwa. Yachiwiriyo sakhala nayo ya ntchito."

A Mngelo atabwerera anapeza pabalaza pazizira. Mayi Tsitsani anayang'ana mbale imene inali isanachepe.

"Chakudya changa chavuta?"

"Ayi, mayi, n'chokoma kwambiri."

"Nanga chavuta n'chiyani? Nenani, tonse pano ndife akuluakulu."

Mpata unali umenewo. Mawu anafika pakhosi, koma anakumana ndi maso osaphethira aja, n'kubwerera. Ndipo mumtima mwa a Mngelo munadzuka kamwano kena: ngati mayiyu ali wondiyenera, adziwa yekha. Anagwira lamba n'kumumasula pang'ono, poyera, kuti awayankhulire. Mayi Tsitsani anangoona mwamuna wosakhazikika, amene maganizo ake ali kwina. Posakhalitsa a Mngelo anatsanzika, nkhuku ili m'mbale, ndipo sanaperekezedwe kupitirira pakhomo.

Lolemba wailesi inauma. "Kwezani. Imani. Tsitsani." Mwana sanagonenso. A Mngelo anayesa ka nthabwala ka akhwangwala, yankho linali lakuti, "Kumanja." Ngakhale a Magalasi sanalowererepo. Madzulo kapitawo anawakumana pansi pa makwerero n'kuwauza kuti Mayi Tsitsani apempha kusamukira kumalo ena kumene kampani ikumanga mlatho, kutsidya kwa tauni, ndipo sabata imeneyo inali yawo yomaliza.

"Mwawatani, a Mngelo? Munthu wantchito ngati ameneyu ndimupezanso kuti?"

A Mngelo anafika kunyumba dzuwa lisanalowe, atakwiyira dziko lonse. Anapeza Mzime pakhonde akutsuka zipeso zake m'beseni. Anaponya chikwama pansi, anakankha mpando, anafunsa chifukwa chake tsache lili pamene lili.

"Bambo, kwagwanji?"

"Nyumba ino ilibe maso. Munthu ukhoza kufera pampando, anthu akuseka ndi foni. Amayi ako akanakhalapo, sakanadikira kuti ndichite kunena."

Mzime anasiya zipeso. Anapukuta manja pa siketi pang'onopang'ono, ndipo atayankhula mawu ake sanakwere.

"Amayi ankadziwa za m'thupi mwanu, inde. Nanga za m'thupi mwawo ankadziwa ndani? Ankasiya chakudya m'mbale, ife tikuona. Ankagwira pamimba akamachapa, ife tikuona. Madiresi anayamba kuwakulira, ine n'kumawauza kuti akuoneka ngati mtsikana. Ankadikira kuti wina afunse, bambo. Inu munali kumwamba, ine ndinali mwana. Tsiku limene tinawanyamula, dokotala anati chiyani? Munalipo."

Dokotala uja anati "mwachedwa," ndipo mawuwo anali asanachoke m'nyumbamo.

"Ine si wolosera," anapitiriza Mzime. "Ndinaika kale m'manda munthu mmodzi wodikira kufunsidwa, wachiwiri sindikufuna. Ngati pali chikukupwetekani, nenani ndi pakamwa. Ndili pano."

Bamboyo anakhala pansi pa sitepe, pafupi ndi beseni. Anayang'ana zipeso zikuyandama m'thovu. Munthu amene ankanyamula zitsulo zolemera ngati nyumba analimbana ndi kamawu kamodzi.

"M'mimba," anatero. "Sindikupita kuchimbudzi. Kwatenga nthawi."

Mzime anawayang'ana misozi ili m'maso, kenaka mphuno yake inayamba kugwedera. Anayesa kudzigwira, zinakanika. Anaseka akulira, analira akuseka, mpaka anakhala pansi n'kutsamira phewa la bambo ake.

"Ndiye kuusa moyo konse kuja? Ine ndimati ndi Mayi Tsitsani."

"Nawonso alimo."

"Mawa ndikuperekezani kuchipatala."

"Ayi, mayi," anatero a Mngelo. "Mimbayi ndi yanga. Ndipita ndekha."

M'mawa mwake anapempha kapitawo theka la tsiku n'kukakhala pabenchi ya kuchipatala, pakati pa mayi wa khanda lotsokomola ndi mkulu wa bandeji kumwendo. Atalowa anapeza kuti dokotala ndi mtsikana wa msinkhu wa Mzime. Miyendo inafuna kubwerera, koma chitseko chinali chitatsekedwa kale.

"Tikuthandizeni chiyani, bambo?"

"Ndi nkhani ya kuntchito, adokotala. Katundu akukwera, koma sakutsika."

Dokotalayo sanaseke, ngakhale cholembera chake chinaima pang'ono. Anafunsa zonse mosazungulira, ngati akufunsa za nyengo: zinayamba liti, mumadya chiyani, mumamwa madzi ochuluka bwanji, mwaonapo magazi, mwaonda kapena ayi. A Mngelo anadabwa kuona kuti mawu amene ankawaopa aja akangotuluka amakhala mawu wamba. Anafotokoza za makwerero, za buledi wouma, za kuuza thupi kuti lidikire. Anafotokozanso za malemu, ngakhale sanafunsidwe. Dokotala anawagoneka, anadina pamimba apa ndi apo, anawatumiza kukayezetsa, ndipo atabwerera anawauza kuti choopsa sanachipeze.

"Koma matumbo anuwa mwawazunza," anatero. "Ndi antchito ngati inu nomwe. Amafuna madzi tsiku lonse, osati kungonyowetsa milomo. Amafuna masamba, zipatso, nyemba, buledi wabulauni, zinthu zoti akhale ndi chokankha. Muzitafuna modekha. Ndipo akaitana muzipita, chifukwa mukamawauza kudikira amaleka kuitana. Mutu uja, tulo tija, fungo lija, ngakhale ukaliwo, zambiri zikuchokera pomwepa."

"Nanga makwerero, adokotala?"

"Makwererowo ndiye mankhwala enanso. Anthu amachita kupita kokalimbitsa thupi kukafuna zimene inu mukuzithawa. Thupi likamayenda, matumbo nawo amayenda. Ndikupatsani mankhwala oti akuthandizeni masiku oyamba okha, musawazolowere. Zikapitirira, kapena mukaona magazi, kapena mukayamba kuonda osadziwa chifukwa, mubwerenso msanga. Musadikire kuti wina akuoneni."

Zimene zinachitika m'mawa wotsatira sitingazifotokoze pagulu. Tingoti basi ija inafika, ndipo inafika ndi anthu ake onse. A Mngelo anatuluka m'chimbudzi ngati munthu wotulutsidwa m'ndende. Anapatsa moni mphaka wa aneba n'kumupepesa. Anamunyamula Mzime m'mwamba ngati wa zaka zitatu, iye akukuwa kuti amuthyola nthiti. Anadya papaya yense, namwa madzi mpaka kukhosi kulira. Panjira ankaona ngati mitengo yapakidwa utoto watsopano, ndipo makwerero anawakwera akuimba mluzu. Tsiku limenelo anatsika kawiri, a Magalasi n'kufunsa ngati kumwamba kwayamba kuthamangitsa anthu.

Koma wailesi inali youmabe, ndipo masiku ankatha. A Mngelo anadzipeza akuchitanso zomwe zija: kutsika, kudutsa pafupi ndi Mayi Tsitsani atakweza chifuwa, kudikira kuti aone okha kuti munthu wasintha. Mayiwo ankayang'ana zitsulo.

Lachisanu masana, belu la chakudya litalira, a Mngelo anatsika n'kulunjika pa mulu wa njerwa pamene Mayi Tsitsani ankadyera okha. Amisiri anasiya kutafuna. A Magalasi anakweza magalasi awo pamphumi kuti aone bwino.

"Mayi, ndili ndi mawu."

"Wailesi yawonongeka?"

"Awa si a pa wailesi." Anavula chipewa n'kuchigwira pamimba. "Foni ndili nayo imodzi. Mkazi wina ndilibe. Lamlungu lija ndinkatuluka chifukwa cha mpweya. Ndinali wodzimbidwa, mayi, kwa nthawi yaitali, chifukwa ndinkaopa kumwa madzi kuti ndingamatsike makwerero. Ndinkaima patali chifukwa m'kamwa munkanunkha. Malalanje anu ndinawaopa. Nkhuku yanu ndinailira njira yonse. Ndapita kuchipatala, ndipo tsopano zikuyenda."

Kenaka kumbuyo kunamveka kaphokoso ngati tayala likuphwa: a Magalasi atadziluma dzanja. Mayi Tsitsani anayang'ana a Mngelo kuyambira kudazi mpaka kunsapato zopukutidwa zija. Supuni inagwa. Anayamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedera, kenaka chipewa chinawagwera m'maso, n'kuseka mpaka kutsetsereka pa njerwa kukhala pamchenga. Amisiri onse anamasuka, ena akumenya mafosholo pansi, ndipo a Mngelo anaima pakati pawo akuseka nawo, makutu akutentha.

Mayiwo atapukuta misozi, nkhope inasintha.

"Mukudziwa kuti ine ndinalira? Mayi wa ana akuluakulu, kulirira mpweya. Ndinakufunsani pamaso pa alongo anga kuti chavuta n'chiyani. Munangogwira lamba."

"Ndimati mudziwa nokha."

"Ndidziwe bwanji? Ine ntchito yanga ndi kuuza munthu zimene sakuziona. Inuyo kumwamba kuja, ndikangokhala chete n'kumati adziwa okha, pafa anthu angati?"

A Mngelo anaweramitsa mutu. "Ndiye musapite, mayi."

"Kupita ndipita. Kapitawo wa kumlatho akundiyembekeza Lolemba, ndipo ine sindibweza mawu ngati mwana. Mawu anga pa wailesi mwawataya, mwawataya nokha." Anaimirira, nasansa mchenga, nakonza chipewa. "Koma Lamlungu ndiphikanso. Mubwere ndi njala. Chimbudzi chili kumanzere mukangotuluka pabalaza, ndipo alongo anga ndiwauza akweze wailesi yakanema."

Lolemba m'kachipinda ka kumwamba munamveka mawu a bambo wina, okhakhala ngati fosholo pakonkire, ouza a Mngelo kukweza ndi kutsitsa popanda kugoneka mwana aliyense. Umenewo ndiwo unali mtengo wa kudikira kwawo, ndipo ankaumva tsiku lililonse kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Koma Lamlungu lililonse ankawoloka tauni, nadya mpaka mbale kuyera, alongo aja akuwayang'ana ndi maso amene tsopano anaphunzira kuphethira. Anthu okukonda akhoza kukhala nawe nyumba imodzi, kudya nawe mbale imodzi, koma ululu wako sungawadzutse iwo. Paja akuluakulu anati, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.